Tizidutswa Tinayi ta Linya

Foni ya Tadala inandipeza ndili m'shedi kuseri kwa nyumba, ndikupala thabwa la benchi ya kutchalitchi. Munali mu Julaye, mphepo ikulowera pansi pa malata. Tadala ndi mwana wanga wotsiriza, wamkazi yekhayo. Amayi ake, Nangondo, anatisiya iye ali Fomu 2. Pano amaphunzitsa sayansi pa koleji ina ku Blantyre, kwinaku akupitiriza maphunziro ake.

"Ababa, ndili ndi ntchito yoti sindingatume munthu wina koma inu."

Chipangizo chimene anachidikira chaka chathunthu chinali chitafika ku Lilongwe. Anachita kubwereka kwa aphunzitsi ena akunja, kwa miyezi itatu yokha, ndipo amene anabwera nacho anali mayi wina dokotala amene ankabwerera kwawo patapita masiku awiri. Tadala sakanatha kuchoka chifukwa ana ake anali pa mayeso. Zotumiza pa basi ngati phukusi wamba anakana.

"Chikasweka, ntchito yanga ya zaka ziwiri yathera pomwepo. Ndipo eni akewo sadzabwereketsanso munthu wa kuno. Ndiye mumve bwino, ababa. Musachiike pansi. Musachipereke kwa kondakitala. Musachitsegule."

"Iwe, ine ndinanyamula magalasi a mawindo a tchalitchi pa njinga, kuchokera ku boma mpaka kwa Champiti. Linasweka ndi limodzi lomwe?"

"N'chifukwa chake ndaimbira inu."

Mawu amenewo anandikoma. Ndikulemba izi kuti ndisabise: anandikoma kwambiri.

Za ulendo wopita ku Lilongwe palibe zambiri. Ndinakwera pa Nsipe m'mawa, ndinafika masana, ndinalandira katoni kwa dokotala uja pamodzi ndi kalata yofotokoza za katunduyo. Katoniyo inali yaing'ono, yoti nkhuku imodzi ingakwanemo, koma yolemerera. Ndinagona kwa mwana wa mchemwali wanga ku Kawale, katoni ili pampando pafupi ndi mutu wanga. Kutacha ndinali kale pa depoti.

Basi ya ku Blantyre inatenga nthawi kuti idzaze. Kondakitala atandiona anatambasula dzanja.

"Madala, kakatoni ako kapite kubuti."

"Aka kakhala pamwendo."

"Mulipirira mpando wake?"

"Mwendowu ndi wanga, mwana wanga."

Anaseka nandisiya. Ndinakhala cha pakati, kumbali ya windo, chifukwa kumbuyo kumadumpha. Pambali panga panadzakhala mayi wonenepa wa mawu aakulu, amene anadzitchula kuti Nachisale. Anali wa geni ya mbale zadothi ndi matambula, amakapikula ku Lilongwe n'kumakagulitsa pa Manjawira. Dengu lake lalikulu linali kubuti, laling'ono analipanira ndi miyendo, lomangidwa ndi linya mbali zonse.

Tisanafike pa Nathenje anali atandiyang'ana kale kangapo.

"Bambo, chichokereni m'tauni simunamutsitse pamwendo. Ndi mwana kodi? Kapena mwapinda mkazi wachiwiri m'katoni kuopa amayi kunyumba?"

"Amayi kunyumba anatsogola."

"Ii, pepani. Pakamwa pangapa sipamva."

"Palibe kanthu. Ndi katundu wa mwana wanga. Chipangizo choyezera."

"Choyezera chiyani? Malungo?"

"Uchi."

Anandiyang'ana ngati ndikumuseka. Ndiye ndinayesa kumufotokozera monga mmene Tadala anandifotokozera ine pa Khirisimasi, titaima pabwalo. Tsiku limenelo anamasula chingwe choyanikira zovala, nandipatsa nsonga imodzi, iye n'kumagwedeza inayo. Anati kuwala kumayenda ngati mafunde a pa chingwe: kukhoza kugwedezeka chokwera ndi chotsika, kapena cham'mbali. Kenako anapisa chingwecho pakati pa mabango a mpanda wa bafa. Akagwedeza chokwera ndi chotsika, mafunde ankandifika. Akagwedeza cham'mbali, ankafera pampanda. Anati alipo mapepala ena otuwa amene amachita ndi kuwala zimene mpandawo unkachita ndi chingwe. Tsono kuwala koongoledwa chotero kukadutsa mu uchi weniweni wa maluwa kumapotokera kumanzere, koma kukadutsa m'madzi a shuga wa m'sitolo kumapotokera kumanja. Anthu osakaniza uchi ndi shuga amanamiza lilime, koma kuwala sakunamiza. Vuto ndi lakuti kupotokako nthawi zina kumachepa kwambiri, ndipo kuti ukuone bwino pamafunika kagalasi kena kapadera. Dzina lake lachingerezi ndi lalitali. Tadala amangoti modyuleta.

"Ndiye kagalasiko kamalawa uchi?" anafunsa Nachisale.

"Sikalawa. Kamathandiza kufunsa kuwala kumene kwadutsa mu uchimo."

"Abale! Ife timangothira dontho m'madzi n'kuona ngati lisungunuke. Ana ophunzirawa amazungulira ku Tete pofuna kupita kuseri kwa nyumba."

Titadutsa Dedza tinaima pa rodibuloko. Wapolisi analowa m'basi, nayang'ana uku ndi uku, nafika pa ine. Ndinamupatsa kalata ija. Anaiwerenga yonse mosathamanga.

"Kalata ndaiona, bambo, koma maso anga akufunanso aone."

Sindikanakana, ndipo anali pa ntchito yake. Ndinadula thepi ndi kampeni kanga ka m'thumba. Mkati munali siponji yokhuthala, ndipo m'siponjimo munagona mabokosi awiri achitsulo: lina la mabatani, lina laling'ono ngati njerwa, lokhala ndi bowo lozungulira pakati. Wapolisiyo ananyamula laling'onolo ndi manja awiri, nalipendeketsa kuti asuzumire pabowo. Pamenepo ndinamva kanthu. Sikanali phokoso lenileni, kanali kakugwedera kakang'ono mkati, ngati dzino loyamba kugwedezeka. Iye anandibwezera mwaulemu, nati tiyende bwino.

Basi inanyamuka, koma ine mtima unatsala pa rodibuloko paja. Ndinapendeketsa kabokosiko ndekha, pang'onopang'ono. Gwede. Ndinapendeketsa mbali ina. Gwede.

"Chamasuka chimenecho," anatero Nachisale. "Ndamva ndi ine ndemwe."

Bambo anga anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni zaka zambiri, ndipo anabwerako ndi sutikesi yachitsulo, chifuwa, ndi lamulo limodzi: katundu wogwedera safika. Ndinakula nalo lamulo limenelo. Mwendo wa tebulo ukagwedera, ika mphero. Galasi la windo likagwedera, limate ndi pate m'mphepete. Thumba la mbatata likagwedera pa njinga, koka linya mpaka lilire. M'moyo wanga wonse sindinaonepo chinthu chimene chinawonongeka chifukwa chomangidwa bwino.

Titangotsala pang'ono kulowa pa Lizulu, kutsogolo kwa basi kunatuluka nthunzi yoyera. Dalaiva anaikhotetsera kumbali, naizimitsa. Paipi ya madzi inali itang'ambika.

Tinakhala pa Lizulu maola anayi. Poyamba anatiuza kuti makaniko akuchokera ku Ntcheu boma ndi paipi yatsopano. Kenako anati makanikoyo wanyamuka. Kenako anati wanyamuka koma paipi alibe, akukaifuna ku Balaka. Anthu anatsika. Ena anazungulira kondakitala n'kumamukalipira, ngati ndiye anang'amba paipiyo ndi mano. Ena anawolokera tsidya la msewu, kumene amati ndi ku Mozambique, n'kumagula mbatata m'ndowa ndi kabichi ngati ndizo anadzera. Mphepo ya pa Lizulu inkadula makutu. Mnyamata wina wovala suti yopyapyala, amene ankathamangira kukafunsidwa mafunso a ntchito ku Blantyre, ankangoyendayenda m'mbali mwa basi osalankhula ndi munthu, mpaka anakwera lole ya makala. Dalaiva yekha sanayankhe aliyense. Anagona chagada pansi pa injini, miyendo yokha ikuoneka.

Ine ndinalowa m'katiyirumu, n'kukhala pabenchi ya pakona, katoni pamwendo. Ndinamwa tiyi ndi dzanja limodzi. Nachisale anabwera ndi chipisi m'kapepala.

"Simunadye. Mukungomvetsera katoni ngati ili ndi mimba."

"Msewu wa kutsogoloku mukuudziwa."

"Ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Kuchoka pa Chingeni kukafika kwathu kuli maenje oti mbuzi ingabisalemo. Ine, bambo, matambula ndanyamula zaka ndi zaka. Limene lagwedera ndi limene limasweka. Pakati pa tambula ndi linzake ndimatsendera nyuzi mpaka chala chisalowe."

"Mwana anati ndisatsegule."

"Ananena ali ku Blantyre. Akanakhala pano n'kumva mmene chikugwederamu, akanati chiyani? Azungu amenewo anapakira za m'ndege. Misewu yathu saidziwa."

Sindikumuimba mlandu mayi ameneyu. Ananena zimene ankadziwa, ndipo pa matambula ankanena zoona. Komanso sananene chatsopano: anangotulutsa mawu amene anali kale mumtima mwanga. Foni inali m'thumba. Ndikanatha kuimba. Ndinadziuza kuti Tadala ali m'chipinda cha mayeso, ndisamusokoneze. Ndinapemphera mwachidule, koma ndinapemphera nditatsimikiza kale chochita, ndipo pemphero lotero ndi kungodziwitsa Mulungu.

Ndinayala jekete pamwendo kuti kabokosi kasakhudze benchi, pakuti lamulo loyamba ndinkalisungabe. Ndi nsonga ya kampeni ndinamasula timabawuti tinayi, n'kutiika m'sosala ya tiyi. Nditachotsa chivundikiro ndinaona galasi lalitali ngati sopo wochapira wodulidwa pakati, loyera ngati madzi a pakasupe, ndipo kumapeto kwake kunamatidwa kamwala kena kokhala ndi timawaya tiwiri. Zonsezi zinangotsamira pa timitsamiro tofewa tochepa. Mbali zonse kunali mpata. Ndinapukusa mutu. Ndinati mumtima: mmisiri amene anapanga ichi anali pa changu.

Nachisale anamasula linya la padengu lake nandidulira kachidutswa. Ine ndinakadula panayi, mofanana bwinobwino. Sindinakhudze nkhope ya galasi ndi chala. Ndinagwiritsa ntchito mpango woyera. Ndinakankha tizidutswato ndi msana wa mpeni, tiwiri mbali iyi, tiwiri mbali inayo, pakati pa galasi ndi chitsulo. Kotsirizako kanavuta kulowa, ndipo ndinakakankha ndi mphamvu pang'ono. Nditatseka ndinapendeketsa. Zii. Ndinapendeketsa mbali ina. Zii.

"Mwaona? Mwana wanu akakuthokozani."

Titatuluka panja tinapeza dalaiva watopa n'kudikira makaniko. Anali atapempha chubu chakale kwa wokonza njinga, nachidula malinya, nakulunga paipi ija mwamphamvu. Anathira madzi, naliza injini, ndipo sipanadonthe kanthu. Anthu anaomba m'manja. Wina anakuwa kuti dziko lino likanagwa kale pakanapanda linya. Ine ndinaseka nawo, mtima uli m'malo, ngati kumwamba kwandivomereza.

Linya la dalaiva linatifikitsa pa Ntcheu boma, n'kuthera pomwepo. Basi inafa pafupi ndi depoti, ndipo anatigawira m'maminibasi. Ine ndi Nachisale tinagwera m'imodzi, mpando wakumbuyo kwenikweni, anthu anayi pa malo a atatu, dengu lake lalikulu litamangidwa kuchitseko chakumbuyo. Tikudikira kuti idzaze, foni inalira.

"Ababa, muli pati? Ndatuluka kumene m'mayeso."

Ndinamuuza za basi.

"Nanga katundu?"

"Ali bwino. Apolisi anafuna kuona, ndiye ndinatsegula katoni. Kabokosi kakang'ono kaja kamagwedera mkati, koma..."

"Eya, musadandaule, kanapangidwa choncho. Galasilo liyenera kukhala lomasuka kuti lizinjenjemera. Chinthu chikangolifinya pambali, basi, zonse zasokonekera, mwinanso likhoza kusweka. Bola simunatsegule kabokosiko."

Kondakitala ankamenya denga la minibasi, akukuwa kuti Lunzu, Blantyre.

"Ababa, mukundimva?"

"Ndikukumva."

"Chabwino. Ndikudikirani pa depoti."

Sindinaname ndi mawu. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa a kalasi kutchalitchi kuti bodza lili ndi makomo awiri, lina lolankhula, lina lokhala chete. Tsiku limenelo ndinalowera khomo lachiwirilo, ndili maso.

Nachisale anali atamva zonse, pakuti foni yanga imalankhula mokweza. Patapita nthawi anati chapansipansi, "Tichotse."

"Muno? Chigongono sindingathe n'kuchisuntha komwe."

Pa Nsipe minibasi inaima kutsitsa anthu awiri. Pawindo ndinaona siteji imene ndinakwerera dzulo lake, amayi ogulitsa tomato amene ndimawadziwa mayina, ndi njira yolowera kwathu. Patali pang'ono pankaoneka mitengo ya kumanda kumene kuli Nangondo. Ndikanatsika. Shedi yanga ili ndi tebulo losagwedera ndi zida zabwino. Ndikanachotsa tizidutswa tija mwakachetechete, n'kukwera minibasi ina, Tadala osadziwa kanthu mpaka kalekale. Ndinafika pogwira mpando wakutsogolo kuti ndidzuke.

Nangondo ankakonda kundinena kuti, "Bambo a Tadala, vuto lanu mumakonza zinthu zosawonongeka." Ankanena akuseka, tsiku limene ndinapala chitseko chabwinobwino mpaka chinayamba kulowetsa mphepo. Mawu amenewo anandibwerera pa Nsipe. Ndinaganiza kuti ndagwira kale galasilo kamodzi mwaumbuli. Kuligwiranso kachiwiri pofuna kubisa, ndiko kukanakhala kuipa kwenikweni. Ndinakhalanso pansi. Koma ndisadzikometse: njira yachitatu inalipo, yoimba foni n'kunena, ndipo imeneyo ndinaiopa kuposa zonse. Kuchoka pa Nsipe, kudutsa Kampepuza, mpaka pa Chingeni, foni inali m'dzanja langa. Ndinaitsegula katatu. Dzina la Tadala ndinkaliona, chala osatsika.

Katoni ndinainyamula m'mwamba pang'ono, kuti isagunde mawondo, mpaka mikono inachita dzanzi. Dalaiva wa minibasiyo ankathamanga kuti abweze nthawi. Maenje ambiri ankawazemba. Titayandikira Manjawira, wa kabaza wonyamula matumba a makala analowa mumsewu mwadzidzidzi. Dalaiva anakhotetsa, ndipo tayala lakumbuyo, limene tinakhalira ife, linagwera m'dzenje. Tonse tinadumpha mpaka mitu kugunda denga. Amayi anakuwa, wina anatchula Yesu, wina anatukwana. M'kati mwa phokoso lonselo ine ndinamva kamawu kamodzi kakang'ono kuchokera m'katoni, kamene munthu wogwira magalasi sangakasokoneze ndi kena kalikonse. Thi.

Nachisale anatsika pa Manjawira. Kondakitala atamutsitsira dengu lalikulu, anapisamo dzanja, nagwedeza mutu kuti zonse zili bwino. Kenako anabwera pawindo langa.

"Bambo, linya lija linali langa. Mukamuuze mwanayo kuti ndi mayi wina wopusa wa pa Manjawira anakunyengani."

"Mpeni unali wanga, mayi. Pitani bwino."

"Ndikupemphererani," anatero, minibasi ikunyamuka.

Za Senzani, Phalula ndi Zalewa sindikumbuka kanthu. Ndikudziwa kuti tinawoloka Shire chifukwa kunayamba kutentha kenako kuzizira. Sindinapendeketsenso katoni. Ndinkangoganiza za mwana amene amayi ake atamwalira ankawerenga ndi koloboyi patebulo langa la ukalipentala, amene mwa anthu onse a m'dziko muno anasankha ine chifukwa ndine wosamala.

Tinalowa mu Blantyre dzuwa likulowa. Tadala anali pa depoti atavala juzi yofiira, ndipo atandiona anathamanga, manja ali patsogolo kuti alandire katoni. Sindinampatse msanga.

"Tadala, yamba wamva. Ndinatsegula kabokosi kaja pa Lizulu. Ndinaikamo malinya kuti galasi lisagwedere. Pamene umaimba ndinali nditachita kale, ndipo sindinakuuze. Pa Manjawira ndamva kanthu kakuthetheka."

Manja ake anatsika pang'onopang'ono. Sanakuwe. Anayang'ana katoni, nayang'ana ine, nayang'ananso katoni.

"Malinya," anatero.

"Tizidutswa tinayi."

"Tiyeni."

Tinakwera takisi. Pa koleji mlonda anatitsegulira, ndipo tinalowa m'chipinda choyezera chokhala ndi makatani akuda ndi tebulo lalitali lachitsulo. Tadala anavala magolovesi, namasula timabawuti tija. Ataona mkati anatseka maso kanthawi.

"Mwadula bwino," anatero. "Tofanana ndithu."

Ndikanakonda akanandikalipira.

Anatenga mapepala awiri otuwa aja, amene ndinangowamva pa Khirisimasi. Anayatsa nyale, naika limodzi kutsogolo kwake, lina kutsogolo kwa loyambalo, nalitembenuza mpaka kuwala konse kunazimiririka.

"Uwu ndi mpanda woimirira, uwu wogona. Chodutsa woyamba chimafera pa wachiwiri. Galasi labwino, lopanda cholifinya, ndikaliika pakati payenera kukhalabe mdima. Tayang'anani."

Analowetsa kabokosi kotsegulako pakati pa mapepalawo, nazimitsa getsi la m'chipinda. M'galasimo munayaka. Pa malo anayi, ndendende pamene panali tizidutswa tanga, panatuluka kuwala kotuwa kofalikira mkati ngati madzi olowa m'thabwa. Ndi maso wamba galasilo linkaoneka lopanda banga, koma apa chala changa chinkaoneka paliponse pamene ndinakankha.

"Galasi likafinyidwa, kuwala kogwedezeka mbali imodzi kumatsalira m'mbuyo pang'ono poyerekeza ndi kwa mbali inayo," anatero, mawu ake ali ngati akuphunzitsa kalasi, kuti asalire. "Kukatuluka kumakhala kutasintha kagwedezekedwe, ndiye kumapeza mpata pa mpanda wachiwiri. Ntchito ya chipangizochi ndi yomweyo, kufinya galasi. Koma amafinya ndi kamwala aka, magetsi akakalowa. Kamafinya n'kusiya, kufinya n'kusiya, ka zikwi makumi asanu pa sekondi imodzi. Kuwala kumasintha motsatira kugunda kumeneko, ndipo makina awa amamvera kugunda kokhako, zina zonse amazitaya. Mukukumbuka mmene munkazindikirira mawu a amayi m'kwaya ya anthu makumi atatu?"

"Ndikukumbuka."

"N'chimodzimodzi. Koma belu silingalire munthu ataligwira."

Anatenga kachitsulo kopanira, nayamba kusolola tizidutswato. Koyamba katatuluka, kuwala kwa pamenepo kunazilala mpaka kuzima. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi, kamene ndinakakankha ndi mphamvu, kanatuluka ndi kambenthu ka galasi konga njere ya mpunga. Pakona pamenepo panatsala kadontho kowala kosazima.

Tadala anakayang'ana nthawi yaitali ndi galasi lokulitsira.

"Labenthuka pakona. Kuwala kumadutsa pakati. Pomatira kamwala sipakuoneka kuti pasiyana." Anapuma. "Sindikudziwa, ababa. Tiyatse tione."

Analumikiza mawaya, nayatsa bokosi la mabatani, nayatsanso kanyale kofiira kolasa ngati singano. Ine ndinaima kukhoma, chipewa m'manja. Pa kawindo ka makina ena panali mzere wobiriwira wogona. Unakhala wogona kwa nthawi imene kwa ine inali yaitali kuposa maola a pa Lizulu. Kenako unanjenjemera, nudzuka, nukhala mafunde okwera ndi kutsika mofanana, osadukiza.

Tadala anaika kabotolo ka madzi a shuga panjira ya kuwala, nayang'ana manambala. Anachotsa, naika ka uchi wosungunula. Manambala anapita mbali ina. Anabwereza kawiri. Kenako anakhala pampando, naphimba nkhope ndi magolovesi omwewo, mapewa akugwedezeka.

"Likugwira?" ndinafunsa.

"Likugwira." Anapukuta maso ndi mkono. "Ababa, zotsegulazo ndikanazimvetsa. Inenso ndinalakwa, ndinakupatsani lamulo osakupatsani chifukwa chake, ngati ndikutuma mwana. Koma pa Ntcheu paja. Mukanangonena, ndikanakuuzani kuti mutsike pa Nsipe, mukachotse bwinobwino kunyumba ndili pafoni. Pa Manjawira mukanadutsa lili lomasuka."



M'mawa mwake analemba kalata kwa eni chipangizo, ndi chithunzi cha pakona paja. Poyamba analemba kuti chinabenthuka paulendo. Ndinamupempha kuti andiwerengere m'Chichewa, ndipo nditamva ndinati afufute.

"Lemba kuti bambo ako, kalipentala wa ku Ntcheu, anatsegula n'kuikamo mphira, atauzidwa kuti asatsegule."

"Sakudziwani, ababa."

"Andidziwe. Asaganize kuti ndi iwe, kapena kuti ndi msewu."

Yankho linabwera ine nditabwerera kale kumudzi. Anamulola kumaliza miyezi yake itatu. Anati galasilo adzalisintha likabwerera. Za kudzabwereketsanso ulendo wina sananenepo kanthu, ndipo Tadala sanafunse. Tizidutswa tinayi tija anandipatsa m'kaenvelopu, ndipo tili pawindo la shedi, pamene ndimationa ndikamatenga pate.

Miyezi itatu itakwana, chipangizo chinayenera kubwerera ku Lilongwe. Tadala sananditume. Anangondiuza tsiku ndi basi imene akwere, ndipo ine ndinakaima pa siteji ya Nsipe kuyambira m'mawa, nditanyamula kabotolo ka uchi wa m'ming'oma ya mnzanga wa kwa Champiti. Basi inaima kanthawi kochepa kutsitsa munthu mmodzi. Ndinamuona cha pakati, kumbali ya windo, katoni ili pamwendo, manja onse awiri ataigwira. Ndinamupatsira botololo pawindo, ndipo mayi amene anakhala naye ndiye analandira, chifukwa iye sanafune kusiya katoni.

"Kabokosi kali bwanji?" ndinafunsa, basi itayamba kale kuyenda.

Anatulutsa mutu pawindo.

"Kakugwedera, ababa! Kakugwedera bwinobwino!"